Hilux, Ranger kapena D-Max: yokokera kalavani yaikulu kuchoka ku Joni mpaka kunyanja

Chitumizireni zithunzi za kalavani yathu itaima m'mbali mwa nyanja ku Chembe, foni yanga sikupuma. Wina ali ku Randburg, wina ku Cape Town, koma funso ndi limodzi: achimwene, tigule bakkie (galimoto ya pikapu) iti yoti ikoke chinyumba ngati chanucho mpaka kumudzi? Ndayankha mmodzimmodzi mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Ndikamba za magalimoto atatu omwe ndawayendetsapo kalavani ili kumbuyo: Toyota Hilux 2.8, Ford Ranger 3.0 V6 ndi Isuzu D-Max 3.0, onse a double cab, 4x4, otomatiki. Za mipando yachikopa ndi kukula kwa sikirini mukafunse kwa ogulitsa.

Ndiyambe ndi pomwe ndinapsa.

Kalavani yathu ndi ya matayala anayi, timagonamo anthu asanu, ndipo pamapepala ake kulemera kwake ikadzaza, komwe amalemba kuti GVM, ndi makilogalamu 2,300. Titaigula ndinapita pamalo ena ogulitsira magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku East Rand. Ndinamufotokozera wogulitsayo zonse, zithunzi ndinamuonetsa, mapepala a kalavani anawagwira m'manja mwake. Iye anamenya boneti ya bakkie ina yoyera nkuti, iyi imakoka matani atatu ndi theka, kalavani yanuyo siimva n'komwe. Ndinasaina tsiku lomwelo.

Mu Disembala 2022 tinanyamuka mbandakucha, mayi a kunyumba, ana atatu, mphatso za kumudzi zili tho kumbuyo. Titangodutsa Polokwane pa N1 tinapeza apolisi apamsewu akuimitsa aliyense wokoka ngolo. Wapolisi wamkazi anapempha laisensi, anaitembenuza, kenaka anapita pagalasi lakutsogolo kukawerenga disiki, kapepala ka laisensi ya galimoto. Anazungulira kukawerenganso disiki ya kalavani. Atabwera anandilozera ndi cholembera manambala awiri. Pa bakkie panalembedwa tare, kutanthauza kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, 1,850. Pa kalavani panali 2,300. Anandiuza mwaulemu kuti ndaphwanya malamulo awiri nthawi imodzi.

Loyamba ndi la laisensi. Ku South Africa code B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 basi. Kuposa pamenepo pamafunika EB, ndipo EB ili ndi mayeso akeake, oyendetsa ngolo ili kumbuyo. Lachiwiri ndi lomwe ambiri salidziwa, ndipo ndi lomwe landipangitsa kulemba zonsezi. Makalavani ambiri amabwera ndi mabuleki aja omwe amagwira okha ngolo ikamakankha galimoto kumbuyo, a overrun. Lamulo limalola mabuleki amenewa pokhapokha ngati GVM ya ngoloyo siposa tare ya galimoto yokoka. Ikaposa, ngolo iyenera kukhala ndi mabuleki enieni omwe amagwira dalaivala akaponda. Ndiye matani atatu ndi theka aja ndi zimene injini ndi chasisi zingapirire malinga ndi opanga galimoto. Chomwe wapolisi amawerenga ndi disiki.

Kalavani inatsala pabwalo la munthu wina ku Polokwane, tikulipira tsiku ndi tsiku. Tinapitiriza ulendo opanda pogona pomwe tinakonzera, ana akulira mpaka ku Musina. Pobwerera mu Januwale panali chindapusa, sukulu ya EB, ndi ndalama zoikitsa mabuleki atsopano pa kalavani pamodzi ndi kabokosi ka m'galimoto kolamulira mabulekiwo. Zonse pamodzi zinadya ndalama yomwe tinasungira malata a nyumba ya amayi ku Thyolo. Wogulitsa uja ankadziwa lamuloli, chifukwa nditabwererako anayankha kuti simunafunse. Mpaka lero ndikadutsa pamalo aja mtima umawawa. Bakkie ija ndinaigulitsa motchipa, popeza ngakhale mabuleki atakonzedwa, injini yake yaying'ono inkabanika pamtunda uliwonse.

Tsono pa magalimoto atatuwa, onse amalengezedwa kuti amakoka makilogalamu 3,500 ngolo ikakhala ndi mabuleki, ndi 750 ikakhala yopanda. Apa palibe woposa mnzake. Kusiyana kuli pa tare. Hilux ndi D-Max zimalemera matani awiri ndi pang'ono, choncho kalavani ngati yathuyi imazipitirira zonse ziwiri, mabuleki enieni aja sungawathawe. Ranger V6 ndiyo yolemera kuposa zinzake, moti kwa ena kalavani yawo ikhoza kulowa m'lamulo popanda kusintha kanthu. Musakhulupirire pakamwa pa munthu, ngakhale panga. Pitani pagalasi mukawerenge nokha.

Pali nambala inanso yomwe imabisala m'buku la galimoto, GCM, kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi. Pa Hilux yanga ndi 5,850. Mukachotsapo 3,500 mutsala ndi 2,350, pamene galimotoyo payokha yadya kale kupitirira 2,000. Chotsalacho ndi cha dalaivala, mkazi wake ndi chikwama chimodzi. Ife a ku Malawi sitipita kumudzi manja lendelende: pamakhala mafuta ophikira, zofunda, batire ya sola, njinga ya mwana wa achemwali. Onjezani kulemera komwe kalavani imatsamira pa towbar, komwe nakonso kumawerengedwa ngati katundu wa galimoto. Ndi chifukwa chake ndimauza anzanga kuti kalavani yopitirira matani awiri ndi theka si ya magalimoto atatuwa, ngakhale kabuku kotsatsa kanene zotani.

Pa mphamvu sindinama, Ranger V6 ilibe mnzake. Injini yake imatulutsa mphamvu ya 184 kW ndi mphamvu yokokera ya 600 Nm, magiya ndi 10. Alamu anga ali nayo, ndipo tinamangirira kalavani yathu kumbuyo kwake ulendo wina wopita ku Musina. Pokwera mapiri a Soutpansberg mutangodutsa Louis Trichardt, galimoto ija inkangoyenda ngati yanyamula mphasa. Kupitirira thiraki yayitali sunkachita kuwerengera kawiri. Ilinso ndi 4x4 yomwe ungaisiye yoyaka pa tala, pamene Hilux ndi D-Max 4x4 yake ndi ya pafumbi ndi pamatope pokha. Pamvula ya Disembala, msewu uli woterera kalavani ikugwedezeka kumbuyo, chimenechi ndi chinthu chachikulu. Wokonda Ranger asasokoneze ndi Raptor, mtundu wina wa Ranger, chifukwa Raptor imaloledwa makilogalamu 2,500 okha.

Hilux 2.8 ya otomatiki imapereka 150 kW ndi 500 Nm kuyambira 2020, magiya 6. Ya magiya apamanja imatsika kufika 420 Nm, ndipo kubwerera m'mbuyo ndi kalavani pamchenga kumapsereza klatchi, choncho tengani otomatiki. Pamtunda imalira, imatsitsa giya, koma imafika. Ikakhala yopanda katundu imadumpha kwambiri kumbuyo, mayi a kunyumba amadandaula msana. Mukaimangirira kalavani imakhazikika.

D-Max 3.0 ndiyo yochepa mphamvu pa zitatuzi, 140 kW ndi 450 Nm. Ndinabwereka ya mnzanga wa ku tchalitchi masiku awiri. Siithamanga, phokoso lake ndi la lole, ndipo n'zosadabwitsa popeza injiniyo ndi ya banja limodzi ndi ya malole ang'onoang'ono a Isuzu. Imakoka mosatekeseka, singano ya kutentha osasuntha. Mtengo wake kawirikawiri umakhala wotsikirapo. Ndimailemekeza.

Mafuta: zonse zimamwa ukamakoka. Yanga imadya malita 16 kapena 17 pa makilomita 100, ya alamu imaposa pamenepo. Thanki ya Hilux ndi Ranger ndi malita 80, ya D-Max 76, choncho zigubu ziwiri zadizilo zisasowe, makamaka nthawi yomwe kumudzi kuli mizere pamalo omwetsera mafuta.

Chomwe chinandipangitsa kusankha si mphamvu ayi. Ndi msewu womwe timayendawu. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700: Beitbridge, Masvingo, Harare, Mutoko, Nyamapanda, Changara, Tete, Moatize, Zobue, nkulowa pa Mwanza. Aliyense amene anadutsapo pakati pa Changara ndi Tete miyezi yotentha amadziwa kuti dzuwa lake limaphika munthu m'galimoto, ndipo maenje amabwera mosayembekezereka. Funso langa linali limodzi: chinthu chikathyoka pano, ndani andithandize dzuwa lisanalowe?

Ndinalipeza yankho mu Disembala 2023, ulendo woyamba ndi Hilux. Tinagwera m'dzenje lalikulu tisanafike ku Moatize, ndipo patapita kanthawi tayala lakutsogolo linayamba kulira. Dzenje lija likanapweteka galimoto iliyonse. Tinaima pansi pa mtengo wa mango pomwe panali kagalaja ka malata. Makaniko wake, bambo wachikulire wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa, anagwira tayala m'mwamba ndi m'munsi, analigwedeza kawiri, nkuti bering'i. Anatuma mnyamata panjinga yamoto kupita ku Tete, ndipo pasanathe maola atatu tinali pamsewu. Sanafunse buku, sanafune kompyuta. Hilux amaidziwa ngati khasu lake, chifukwa kuderali magalimoto a mabungwe ndi a migodi ambiri ndi omwewa. Kwathunso n'chimodzimodzi. Ku Limbe, ku Lilongwe, ngakhale ku Mangochi, masipeyala a Hilux sungawafune tsiku lonse.

Ndimaganiza za Ranger V6 itaima pansi pa mtengo wa mango womwe uja, magiya ake 10 atayatsa nyali pa dashibodi. Sindikunena kuti imawonongeka kuposa zinzake. Ya alamu sinawavutitsepo. Ndikunena kuti tsiku lomwe idzafune thandizo, thandizolo lili kutali, ndipo sipeyala yake mwina idzachita kukwera basi kuchoka ku Joni, inu mukudikira ndi ana pamalo opanda mthunzi wokwanira. Isuzu ili pakati: amakaniko amaidziwa kuyambira nthawi ya KB, bakkie yake yakale, koma zida za mtundu watsopanowu, womwe unafika ku South Africa mu 2022, sizinafalikire ngati za Toyota. Magalimoto onse atatu amapangidwa konkuno, Hilux ku Prospecton ku Durban, Ranger ku Silverton ku Pretoria, D-Max ku Gqeberha, ndiye kum'mwera kwa Limpopo simuvutika ndi iliyonse. Vuto limayamba mukawoloka mlatho.

Ndivomere kuti mtima wanga unali kale ku Toyota. Malemu bambo anga anayendetsa Hilux zaka zambiri pa esiteti ya tiyi, ndipo ine ndinaphunzirira pa chiwongolero chake. Koma walira mvula walira matope. Hilux ndi imodzi mwa magalimoto omwe akuba amawasaka kwambiri ku Gauteng, choncho inshuwalansi ndi yokwera ndipo anandikakamiza kuika tracker. Mwezi uliwonse ndalama imeneyo imatuluka. Usiku galu akauwa ndimadzuka kukasuzumira pawindo.

Ena amandifunsa za Land Cruiser 79. Imakoka, siifa, koma mtengo wake ndi wina ndipo kukhalamo masiku atatu ndi ana ndi chilango. Za zimphona za ku America zomwe mumaziona pa YouTube, monga F-250 ndi Ram, iwalani: zimabwera chiwongolero chili kumanzere, ndipo sizigulitsidwa wamba kuno.

Ndiye mukandifunsa, yankho langa ndi ili. Ngati kalavani yanu idzangozungulira mu South Africa, ku Kruger, ku Durban, ku Drakensberg, gulani Ranger V6 ndipo mudzasangalala. Ngati thumba ndi lopereŵera ndipo simuthamangira kufika, D-Max sidzakuchititsani manyazi. Koma ngati chaka chilichonse mudzawoloka Zambezi pa Tete, ine ndagula Hilux 2.8 4x4 otomatiki ndipo ikakalamba ndidzagula inzake. Chaka chino tikufuna kutsikira kunyanja kudzera ku Dedza, msewu wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti. Ndidzatsika pa giya yachiwiri, ndipo mabuleki a kalavani ndakawayesetsa kale Loweruka lapitali.