Chiwaya chachitsulo chakuda: mmene chagwirira ntchito pophika pizza ya chotupitsa chotsala

Aliyense amene amaweta chotupitsa chowawasa cha buledi, chija ambiri amangochitcha sourdough, amadziwa mmene mtima umapwetekera pa nthawi yochidyetsa. Chotupitsachi ndi ufa wa tirigu ndi madzi basi, koma mkati mwake mumakhala yisiti wachilengedwe pamodzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timabweretsa kuwawasa, mofanana ndi zimene zimachitika mu thobwa kapena munkoyo ukagonera, ndipo kuti zamoyo zimenezi zisafe ndi njala munthu amatapa gawo lalikulu la phalalo n'kuthiramo ufa ndi madzi atsopano. Gawo lotapidwalo anthu ambiri amalitaya. Ineyo, poona mtengo wa thumba la fulawa m'masitolo a mu Lusaka, ndinalephera kupitiriza kuthira ufa wabwinobwino kudzala, choncho ndinayamba kulisunga m'botolo kuti Loweruka lizisanduka pizza. Ntchitoyi inayamba kuyenda bwino nditapeza chiwaya choyenera.

Ndinachigula mu 2024 m'sitolo ina ya ziwiya zakukhitchini ku Kamwala, mu Lusaka momwemo. N'chachitsulo chakuda cholemera, chamtundu womwe uja amaumbira miphika ya miyendo itatu, pakamwa pake n'potambalala masentimita 30, ndipo nditachiika pa sikelo kunyumba chinapitirira pang'ono makilogalamu 3. Sichinalembedwe dzina la kampani paliponse, ndipo mtengo wake unali pafupifupi kawiri mtengo wa chiwaya wamba chosamatirira zakudya. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito mwala wophikirapo pizza, umene umafuna kukhala mu uvuni woyaka kwa mphindi 45 kapena ola lathunthu usanalandire mtanda. Koma chaka chimenecho chilala chinaphwetsa madzi ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, magetsi ankatha kusowa pafupifupi tsiku lonse, ndipo mwalawo unangokhala chokongoletsa pamwamba pa kabati. Ndinkafuna chiwiya choti chingakhale pa chitofu magetsi akabwera, n'kukhalanso pa mbaula akapita.

Nkhani yonse ya pizza yagona pa moto. Ku Naples, mzinda wa ku Italy kumene chakudyachi chinachokera, amachiphika m'mauvuni a nkhuni otentha madigiri oposa 430, ndipo chimapsa m'masekondi 60 mpaka 90, pamene mauvuni ambiri a m'nyumba zathu amalekezera pa madigiri 250. Popeza kutentha koteroko sitingakufikire, chimene tingachite ndi kuyala mtanda pa chinthu chimene chasunga moto wambiri, kuti pansi pake paume ndi kufiira mwamsanga mkati musanagwe mphwayi. Chiwaya chopyapyala cha aluminiyamu chimazizira nthawi yomweyo mtanda ukachikhudza, ndipo zotsatira zake ndi chikate chotuwa chotafunika ngati mphira. Chitsulo chakuda chimachedwa kutentha, koma chikatentha sichizizira msanga. Pa mfundo imeneyi, imene ndi yaikulu kuposa zonse, chiwayachi sichinandikhumudwitsepo.

Tsiku loyamba lokha ndilo linali lamanyazi. Bambo amene anandigulitsa ananditsimikizira kuti chiwayacho chinakonzedwa kale ndi mafuta kufakitale ndipo ndingayambe kuphikiramo tsiku lomwelo. Ndinawakhulupirira, ndinaitana alamu anga ndi ana awo, ndipo pizza yoyambayo inakakamira pansi moti tinachita kuipala ndi supuni ngati nkhoko za nsima. Nditasisita mkati mwake ndi chala ndinapeza kuti munali mokhakhala ngati msasa. Ndinachitsuka, ndinachiumitsa pamoto, ndinachipaka saladi (mafuta ophikira) pang'ono kwambiri n'kumupukutanso ndi kansalu mpaka chikuoneka ngati chouma, kenako ndinachitenthetsa mpaka utsi utaleka kutuluka, ndipo ndinabwereza zimenezi katatu. Mafuta opyapyala otere akapsa amauma n'kusanduka khungu lakuda losalala lomatirira kuchitsulo, koma akachuluka amangosiya zomata ngati ulimbo. Kuyambira pamenepo palibenso mtanda umene unakanirira, ngakhale kuti wogula aliyense ayenera kudziwa kuti ntchito yokonzayi idzakhala yake.

Mtanda umene ndayesera chiwayachi kambirimbiri ndimaupanga ndi magalamu 200 a chotupitsa chotsala, magalamu 300 a ufa wa buledi, mamililita 170 a madzi, magalamu 8 a mchere ndi supuni imodzi ya mafuta. Popeza chotupitsa changa ndimachidyetsa ufa ndi madzi zolemera mofanana, magalamu 200 aja amakhala atabweretsa kale magalamu 100 a ufa ndi 100 a madzi, ndipo woiwala kuwerengera zimenezi amadabwa kuona mtanda wake uli phalaphala. Muyezo umenewu umakwana ma pizza awiri odzaza chiwaya cha masentimita 30. Ufa wa buledi ndi umene umayenera chifukwa uli ndi puloteni wochuluka wopangitsa mtanda kutanuka. Ufa wa makeke, umene umapezeka mosavuta m'tuntemba, umang'ambika pouyala. Vutoli limakula chotupitsa chikakhala chakale, chifukwa kuwawasa kumafooketsa puloteni uja, wotchedwa gluten, pang'onopang'ono, moti chimene chakhala m'botolo kupitirira mlungu umodzi, chimene pamwamba pake pamayandama timadzi totuwa tonunkha mowa, chimapereka kakomedwe kabwino koma mphamvu yofufumitsa chimakhala chilibe. Zikatero ndimakhuthula timadzito n'kuwonjezera kachigawo ka supuni yaing'ono ya yisiti wa m'paketi, ndipo sindiona manyazi pochita zimenezi.

Nthawi yodikira imatengera nyengo. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi mtanda umafufuma mofulumirapo kuposa mmene malangizo olembedwa kumayiko ena amanenera. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 30, maola anayi amandikwanira, ndipo ndikachedwa mtanda umaphwa n'kuwawasa mopitirira. Mu Juni ndi Julayi ndimaukanda madzulo n'kuusiya patebulo usiku wonse nditauvundikira ndi mbale.

Pa mbaula ndi pamene chiwayachi chimaonetsa ubwino wake weniweni. Ndimadikira malasha ayake mpaka avale phulusa loyera, ndimawayala mofanana, kenako ndimaika chiwaya kwa mphindi 8 mpaka 10, ndipo ndimadziwa kuti chafika pamene dontho la madzi livina pamwamba pake n'kuzimirira. Mtanda ndimauyala ndi zala pa thabwa lowazidwa ufa, osati ndi mpini wopinira chifukwa umathamangitsa mpweya wonse, ndipo ukangogona m'chiwaya umalira pang'ono n'kuyamba kutukuka timatuza m'mphepete. Apa m'pamene ndimapaka msuzi wa matimati wophikidwa mpaka kulimba, ndi kuwaza tchizi ndi anyezi. Vuto la mbaula ndi lakuti moto umachokera pansi pokha, choncho pansi pamatha kupserera tchizi asanasungunuke. Njira yothetsera ndinaitenga kwa agogo anga a ku Katete, amene ankaphika chikondamoyo mumphika wovundikira ndi chitini, makala a moto ali pamwamba. Ndinapempha mmisiri wina wa malata kuti andidulire chivundikiro chachitsulo chosapakidwa utoto, ndipo tsopano ndimachotsa theka la malasha pansi n'kuwasanja pa chivundikirocho. Pakatha mphindi 6 kapena 7 tchizi amakhala akuwira, m'mphepete mwafufuma n'kuchita mawanga ofiirira, ndipo pansi pamalira ukagogoda ndi mpeni. Kafungo ka utsi kamene kamatsalira, kakakumana ndi kuwawasa kwa chotupitsa, kamapereka kukoma kumene mwala wanga wa mu uvuni sunandipatsepo.

Magetsi akakhalapo ntchito imafupika: mphindi zitatu pa chitofu, kenako chiwaya chonse n'kuchilowetsa mu uvuni pafupi ndi moto wam'mwamba kwa mphindi zinayi, popeza chilibe pulasitiki iliyonse yoti ingasungunuke.

Zodandaula zilipo ndithu, ndipo zina si zazing'ono. Chigwiriro chake n'chachifupi kwa chinthu cholemera chotere, chimatentha mofanana ndi chiwaya chenichenicho, ndipo mbali inayo kulibe khutu loti dzanja lachiwiri ligwirepo, moti kuchiphula pa mbaula n'kochititsa mantha ana akamasewera pafupi. Chipsera cha pamkono wanga wamanja chinachokera pamenepa. Chitsulo chamtunduwu sichimwaza kutentha mofulumira, choncho malasha akaunjikana mbali imodzi pizza imapserera mbali yomweyo, ndipo ndimayenera kuchitembenuza kamodzi kapena kawiri. Dzimbiri nalonso silichedwa: m'nyengo ya mvula mdzukulu wanga, pofuna kuthandiza, anachiviika m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa chinali chitafiira moti ndinayambiranso kuchikwecha ndi kuchipaka mafuta. Msuzi wa matimati suyenera kuphikiridwamo kwa nthawi yaitali chifukwa kuwawasa kwake kumadya khungu lakuda lija, choncho ndimauphikira mupoto wina. Ndikuonanso kuti pa mtengo umene ndinapereka, chivundikiro chinayenera kubwera pamodzi ndi chiwaya.

Kwa munthu amene ali ndi uvuni wodalirika ndipo amafuna ma pizza opyapyala anayi kapena asanu otsatizana, mwala kapena chitsulo chafulati cha mu uvuni chingamuthandize kuposa chiwayachi, chifukwa pizza imodzi ikaphulidwa pamafunika kudikira mphindi zingapo kuti chitenthenso. Koma kwa banja laling'ono lokhala ndi botolo la chotupitsa chotsala ndi mbaula pakhonde, ndikuchivomereza ndi mtima wonse. Pogula, muzisisita mkati ndi chala kuti musankhe chosalala, muchiike pansi pafulati kuti muone ngati sichikugwedera, ndipo ngati chilipo chokhala ndi khutu mbali yachiwiri, mutenge chimenecho ngakhale chitakwererapo mtengo.