Benchi ya mabuku a kaunjika pa Chitakale ndi kabuku ka Wicca kaja

Amene mumakonda kuwerenga muli ku Mulanje kuno vuto lake mukulidziwa, buku labwino mpaka ukwere minibasi wa ku Limbe, nde nditamva kuti pa Chitakale pali madala ena ake amagulitsa mabuku a kaunjika pa benchi ndinangoti ndikadzionere. Ndi kachisakasa chabe, mabuku ambiri ndi a sekondale, manovelo achikondi othothoka zikuto, mabaibulo ndi ena obwera m'makatoni kuchokera kunja. Fumbi nde musakambe, ndipo mvula ikabwera amangofunditsa pulasitiki moti apansiwo ena mapeji anamatana kalekale. Koma mitengo yawo njabwino, kunenerera amalola, komanso olo uwerenge utaimirira ola lathunthu sakuthamangitsa.

Ine ndimafuna dikishonale, koma ndikufukula mu katoni ndinatulutsa kabuku ka Chingerezi, pachikuto pali nyenyezi ya nsonga zisanu mkati mwa mzere wozungulira. Madala aja kungoona anati "Mwanawe bwezera pomwepo, nzasataniki zimenezo." Ndikuti madala munawerengako? Akuti ayi, anangoona mawu oti witch, kutanthauza mfiti, basi. Anandipatsa pa K1,500, nkukulunga mu nyuzipepala ngati ndagula usipa kkkk.

Ndakawerenga masiku anayi. Wicca ndi chipembedzo, ndipo si chakale ngati mmene kabukuka kakufunira kuti tikhulupirire. Amene anachibweretsa poyera ndi mzungu wa ku England, Gerald Gardner, mu 1954, patangopita zaka zitatu dziko lawo litachotsa lamulo loletsa za ufiti mu 1951. Mkuluyu ali mnyamata anagwirapo ntchito pa esiteti ya tiyi ku Ceylon, komwe pano ndi Sri Lanka, ine ndinaseka ndekha kuti eti munthu wa mu tiyi ngati ife tomwe. Iye ankati analowetsedwa m'gulu lachinsinsi ku New Forest, dera lina la ku England komweko, mu 1939 ndipo kuti ndi chipembedzo cha makolo akale a ku Ulaya chomwe chinabisala, koma akatswiri a mbiri amati zambiri anachita kulumikiza yekha kuchokera uku ndi uku, ndipo mapemphero ambiri okoma analemba ndi mayi wina dzina lake Doreen Valiente. Apa nde pomwe kabukuka kandikhumudwitsa, mbali imeneyi kangoidumpha ngati chithaphwi.

Pa zimene amakhulupirira kafotokoza bwino zedi. Ambiri amalambira awiri, mulungu wamkazi amene amamufanizira ndi mwezi ndi mulungu wamwamuna wa nyanga ngati za mbawala, mwini nkhalango ndi nyama zakutchire. Nyangazo nzimene zimathamangitsa anthu, koma iwo amati Satana ndi wa m'chikhristu, kwawoko kulibeko. Nyenyezi ija nsonga zake ndi dothi, mpweya, moto, madzi ndi mzimu. Akafuna kupemphera sapita ku tchalitchi, amalemba mzere wozungulira pansi, kuyatsa makandulo, kuika mchere, madzi, chikho ndi kampeni kena kotchedwa athame kamene sadulira kanthu, amangolozera. Amakumana mwezi ukakhala wathunthu, gulu lawo amati coven ndipo mwamwambo silipitirira anthu 13, ngakhale masiku ano ambiri amangopanga okha kunyumba. Ena a gulu la Gardner amapemphera ali mbulanda, apa nde ndinatseka kaye buku nkuyang'ana kukhomo. Matsenga amachita ndithu, samakana, koma lamulo lawo lalikulu ndi loti chita zomwe ukufuna bola usapweteke aliyense, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chomwe wachitira mnzako chimakubwerera katatu.

Nde taonani, ife tikati mfiti timanena wokwera lichero usiku, wodya maliro, wotamba ana a eni. Izi sizikugwirizana olo pang'ono ndi zomwe zili m'bukumu. Ine powerenga ndimangokumbuka agogo anga akamakamba zothira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo mvula ikavuta, ndi nkhani za mizimu ya m'phirimu, za ku Dziwe la Nkhalamba ndi ku Sapitwa komwe amati ukapeza chakudya uzingodya osaitana mnzako. Sindikuti nzofanana ayi, zathuzi nza makolo enieni amene tikudziwa maina awo ndi manda awo, pomwe izi zinayamba m'nthawi ya agogo omwewa, koma ngati nkuyandikira zikuyandikira kumeneko osati ku lichero.

Pomwe kandisokoneza kwambiri ndi pa zikondwerero. Ali nazo 8 pachaka ndipo zimatsata nyengo za ku Ulaya. Yule cha pa 21 Disembala akuti pakati pa chisanu, usiku wautali, ife Disembala tili kalikiliki kupalira chimanga thukuta lili kamukamu. Samhain pa 31 Okotobala akuti zokolola zatha, kuzizira kwayamba, akukumbukira akufa awo, kuno Okotobala dzuwa likuswa mtengo tikudikira mvula yoyamba. Beltane pa 1 Meyi akulandira kutentha, ife tikusaka majuzi a chiperoni. A ku Australia ndi South Africa amatembenuza masikuwa ndi miyezi 6, koma wolembayu sanatchuleko olo mzere umodzi, ngati dziko lonse limathera ku London.

Komanso mapeji 12 akumapeto kulibe, anachita kung'ambidwa, nde chaputala cha maukwati awo ndangowerenga theka. Nditabwerera kukadandaula madala anangoti "Kaunjika mwanawe, umayenera kuona wekha," koma nkundibwezera K300 ya kabaza, pamenepo nde ndawapatsa ulemu. Anandifunsanso monong'ona kuti nanga muli zotani mmenemo, nditawafotokozera za makandulo ndi mchere anangoti "Basi? Nanga lichero?"

Mantha awo ndikuwamvetsa. Tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 mmene anthu anaphedwera kuno, ku Phalombe ndi ku Thyolo chifukwa cha mphekesera chabe, ndipo ngakhale lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kumudzi gulu likakwiya silifunsa za lamulo. Inenso kabukuka sindikuwerengera pakhonde, chikuto ndakutira ndi khaki ngati kope la Standard 5 ndipo mayi akuganiza kuti ndi la Biology.

Benchiyo ndikuipatsa 7 pa 10, pitani koma muzitsegula mpaka peji yomaliza musanalipire. Kabukuko 6. Dikishonale ija akuti ndikayesenso katoni ina ikafika kumapeto kwa mwezi.