Trip ya ku Chongoni: gaidi ali bho, minibasi ndiye ayi

Amene mumafunsa za matrip a pa weekend onyamukira mu Blantyre kupita ku Chongoni ku Dedza kukaona zojambula zakale za pamiyala, ine ndapitako, ndipo ndalama yanu amene akuigwirira ntchito ndi gaidi basi. Kampaniyo sindiitchula koma anati tikumane 5 koloko m'mawa pa Ginnery Corner, tinanyamuka dzuwa litakwera kale, mipando yothinana mawondo kuwawa, kufika pa Lizulu dalaivala kuyimanso kuti agule kachewere wa kunyumba kwake, ife tili chidikirire.

Titafika ku Mphunzi, amodzi mwa malo a zojambulazo, ndiye zinasintha. Gaidi wake ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo, sathamanga, amayamba kaye wakugwiritsani mwala kuti mumve kukhakhala kwake. Akuti ndi granite, unaumira pansi pa nthaka kalekale, dothi lapamwamba linakokoloka, kenako dzuwa, kuzizira ndi mvula zakhala zikuusenda ngati anyezi mpaka kusiya mapanga amene anthu ankabisalamo ndi kujambulamo. Zojambula zofiira, mizere ndi timabwalo tija, ndi za Akafula, zoyera za dothi ndi za Achewa, zina zinyama zotambasula miyendo za ku chinamwali zina za Nyau. Mayi wina anaumirira kuti atimasulire chimodzi, gaidiyo anangoseka nkuti "amayi, zimenezo mukafunse anamkungwi," ndipo ine mpamene ndinamukhulupirira, chifukwa magaidi ena amangopeka kuti musangalale.

Bambo wina wokonda YouTube anafunsa ngati kuli manda amiyala ikuluikulu ngati Newgrange ya ku Ireland ija yoposa zaka 5,000, anamuyankha mosabisa kuti kuno kulibe, miyala ya kuno sinaunjikidwe ndi munthu. Malo ojambulidwa alipo 127, bungwe la UNESCO linawalemba mu 2006 pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, koma pa tsiku limodzi muona ochepa chabe, ku Chentcherere, malo ena a zojambula, sitinafikeko nkomwe chifukwa cha kuchedwa kuja ngakhale inalipo pa pulogalamu. Chondinyansa china ndi anthu olemba maina awo ndi makala pambali pa zojambulazo, zamanyazi.

Lanchi inali nsima ya nkhuku yalokolo, yabwino koma ndiwo zochepa. Tengani madzi anuanu, nsapato zosaterera ndi juzi, ku Dedza kumazizira si masewera. Ngati muli ndi galimoto pitani nokha mukapeze gaidi konko, muchite kunyamuka usiku.