Mafilimu a ma cowboy pa fulashi imodzi: zimene ndinapeza pa kashopu kena ku Limbe

Mwezi wathawu ndinapita pa kashopu kena kojambulitsa mafilimu pafupi ndi msika wa Limbe, ndipo ndinapempha mnyamata wa pa kompyuta kuti andiikire mafilimu a ma cowboy, akale ndi atsopano omwe. Anandilandira mwaulemu, nati, "Bambo, khalani pabenchipo," ndipo pasanathe theka la ola fulashi yanga inali itadzaza. Mtengo wake unali wabwino, zithunzi zambiri n'zowala, ndipo chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti anawasanja motsatira zaka zimene anatuluka. Ukamawaonera mwa ndondomeko imeneyi, umaona ndi maso momwe ngwazi ya m'filimu yasinthira.

Mafilimu oyambirirawo anapangidwa pa nthawi imene Hollywood inkatsatira malamulo otchedwa Hays Code, omwe analembedwa mu 1930 n'kuyamba kukhwimitsidwa mu 1934. Malamulowa ankaletsa kuti woonera amvere chifundo chigawenga kapena kuti wolakwa apulumuke chilango, choncho ngwazi inkakhala munthu woyera mtima amene sayamba ndewu. Mu High Noon ya 1952, Gary Cooper ndi wapolisi amene anthu onse a m'tauni amuthawa pamene zigawenga zikubwera, koma iye akukana kuthawa, ndipo zonse zitatha akuvula baji yake n'kuiponya pafumbi. Munthuyo ndi wolungamabe, ngakhale kuti chikhulupiriro chake mwa anthu amene ankawateteza chatha.

Kenaka pakubwera A Fistful of Dollars ya 1964, imene Sergio Leone wa ku Italy anajambula mbali yaikulu ku Spain, kutali ndi malamulo aja. Clint Eastwood akufika m'tauni ngati mlendo wosadziwika, n'kumadyera uku ndi uku pakati pa mabanja awiri odana, ndipo chimene chikumuyendetsa kwambiri ndi ndalama. Mu 1968 Hays Code inathetsedwa, m'malo mwake kunabwera dongosolo losiyanitsa mafilimu malinga ndi msinkhu wa oonera.

Filimu imene inandigwira mtima ndi Unforgiven ya 1992, yomwe inapata mphoto yotchuka ya mafilimu yotchedwa Oscar. Eastwood yemwe uja tsopano ndi nkhalamba yofedwa mkazi, yoweta nkhumba, imene ikulephera ngakhale kukwera hatchi bwinobwino, ndipo ikubwerera ku ntchito yopha anthu kuti ipeze ndalama zolerera ana ake awiri. Pali malo pamene mnyamata amene wakhala akudzitama kuti ndi wakupha, wapha munthu kwa nthawi yoyamba, ndipo wakhala pansi pa mtengo akumwa mowa uku akulira. M'mafilimu akale aja munthu akawomberedwa ankangogwa nkhani n'kupitirira, koma apa imfa ili ndi kulemera kwake ndipo wopha mnzake akusenza mtolo umenewo.

Apa m'pamene pali dandaulo langa. Ena mwa mafilimuwa anandiikira omasuliridwa m'Chichewa, ndipo sindikutsutsa ntchito yomasulira, chifukwa yathandiza anthu ambiri amene samva Chingerezi kutsatira nkhani. Koma womasulira wa filimu ya Unforgiven anadzaza nthabwala pamalo a mnyamata wolira uja, mpaka mphwanga amene ndinkaonera naye anaseka kwambiri, osadziwa kuti mtima wa nkhani yonse wamudutsa. Womasulirayo ankachemerera nkhalambayo nthawi iliyonse ikawombera mfuti, pamene filimuyo inapangidwa kuti tichite nayo mantha ndi chisoni.

Vuto lina n'lakuti mnyamata wa pashopuyo sanandiuze kuti mafilimu a pambuyo pa 1968 ali ndi magazi ambiri ndipo si oyenera ana, chinthu chofunika kwa kholo limene likupita nawo kunyumba. Ndidzapitanso pa kashopu kameneka, koma ndidzapempha mafilimu osamasulira, ndipo aliyense amene akufuna kutenga mndandanda womwewu ayambe waonera yekha asanaitane ana pabalaza.