Kusunga mitundu ya makasitomala mu InDesign ndi Illustrator: zomwe ndaona pa ntchito yosindikiza ku Mzuzu

Ndimagwira ntchito yokonza zosindikiza pa shopu yaing'ono kuno ku Mzuzu, ndipo zambiri zomwe zimadutsa m'manja mwanga ndi makalendala, mabuku a malisiti, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, zikwangwani za masukulu, komanso timapepala tomata pa mapaketi a khofi ndi pa mabotolo a uchi. Ndemanga yangayi ikukhudza gawo limodzi lokha la mapulogalamu a Adobe, lomwe ndi kabokosi kotchedwa Swatches mu InDesign ndi mu Illustrator, pamodzi ndi njira zotengera mitundu, monga wobiriwira kapena wofiira, kuchoka pa ntchito ina kupita pa ntchito ina. Ambiri timalidumpha gawoli pophunzira chifukwa timathamangira kujambula, chonsecho kasitomala akatidandaulira, nthawi zambiri nkhani yake imakhala ya mtundu.

Ine chinanditsegula maso ndi gulu lina la alimi a njuchi la kumbali ya Nkhata Bay, lomwe ndinalikonzera timapepala ta pa mabotolo, kenaka kalendala, kenakanso chinsalu choti akapachike pa chionetsero. Ntchito zitatuzi ndinazichita miyezi yosiyana, ndipo nthawi iliyonse ndinkatola mtundu wobiriwira pa chithunzi cha chizindikiro chawo chomwe ananditumizira pa WhatsApp. Tsiku lina wapampando wa gululo anayala zinthu zitatu zija pa tebulo langa nandifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi wobiriwira wathu ndi uti pamenepa?" Wa pa botolo unali wa masamba a nthochi, wa pa kalendala unkapita kwakuda, pomwe wa pa chinsalu unali wowala ngati msipu wa mvula yoyamba. Funso lawo linali loona, pakuti iwo amagulitsa uchi kwa anthu omwe amazindikira botolo lawo ali patali, asanawerenge n'komwe dzina. Cholakwa chinali changa, ndipo gwero lake linali lakuti chithunzi cha JPEG chikafinyidwa potumiza, timadontho take toyandikana sitikhalanso ndi manambala ofanana, kotero kuti malo aliwonse omwe ndinkakhudza ankandipatsa wobiriwira wina.

Swatch ndi mtundu womwe wapatsidwa dzina ndi manambala ake n'kusungidwa, kuti pomwe paliponse ukufunika munthu azingoutchula m'malo mousakanizanso. Pa zosindikiza manambalawo amakhala a CMYK, kutanthauza kuchuluka kwa inki zinayi za cyan (yabuluu wowala), magenta (yapinki), yachikasu ndi yakuda, iliyonse kuyambira 0 mpaka 100, pomwe pa sikirini amakhala a RGB, kutanthauza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, kuyambira 0 mpaka 255. Apa InDesign ndimaiyamikira kwambiri, chifukwa swatch iliyonse imakhala yolumikizana ndi chilichonse chomwe yapakidwa. Ngati mukukonza buku la masamba 60 ndipo kasitomala wanena kuti mtundu wa mitu uderepo pang'ono, mumangosintha manambala malo amodzi ndipo buku lonse limatsatira. Mukafuna kuchotsa swatch yomwe ikugwira ntchito, pulogalamuyi imayamba yakufunsani kuti m'malo mwake mulowe iti, ndipo imeneyi ndi njira yachidule yophera mitundu yofananafanana yomwe yachulukana m'fayilo. Palinso lamulo la Add Unnamed Colors, lomwe limasonkhanitsa mitundu yonse yopakidwa popanda dzina, ndipo ndilo lomwe ndimayambira ndikalandira fayilo yokonzedwa ndi munthu wina. Chinthu china chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti mukapanga ma swatch popanda fayilo iliyonse yotsegula, ma swatch amenewo amapezeka m'ntchito zonse zatsopano zomwe mudzayambe.

Illustrator ili ndi msampha womwe wagwira anzanga ambiri. Mmenemo swatch imalumikizana ndi zojambula pokhapokha ngati ili ya mtundu wa Global, ndipo mumaizindikira ndi kachizindikiro koyera ka ngodya zitatu pakona pake. Swatch yopanda kachizindikiroko ili ngati chitini cha penti chomwe mwapakira khoma: mukasintha za m'chitinimo, khoma limakhala momwe linalili. Sindimvetsa chifukwa chomwe kampani imodzi inasiyira mapulogalamu ake awiri akuchita zosiyana pa chinthu chofunika chotere, ndipo wophunzira yemwe wazolowera InDesign amataya nthawi yambiri asanazindikire chomwe chikuchitika. Komanso fayilo ya Illustrator imakhala ya CMYK kapena ya RGB, osati zonse ziwiri, choncho mtundu wa RGB ukalowa m'fayilo ya CMYK manambala ake amatembenuzidwa mwakachetechete, ndipo wabuluu wowala wa pa foni umatuluka wozilala pa pepala.

Pa nkhani yeniyeni yonyamula mitundu, chida chomwe ndachidalira koposa ndi fayilo ya ASE, yomwe dzina lake lonse ndi Adobe Swatch Exchange. Inabwera mu 2005 ndi Creative Suite 2, gulu la mapulogalamu a Adobe ogulitsidwa pamodzi, ndipo mpaka lero imatsegulidwa mu InDesign, Illustrator ndi Photoshop. Mu InDesign mumasankha mitundu yomwe mukufuna n'kugwiritsa ntchito Save Swatches, ndipo pa ntchito yatsopano mumaibweretsa ndi Load Swatches, pomwe mu Illustrator lamulo lake ndi Save Swatch Library as ASE. Fayiloyi ndi yaing'ono kwambiri moti imadutsa pa imelo ngakhale netiweki ikuvuta, imakwana pa flashi iliyonse, ndipo safunika intaneti kuti igwire ntchito. Imasunga dzina, manambala, komanso ngati mtunduwo ndi wa inki zinayi kapena wa inki yapadera, yomwe imabwera yosakaniza kale m'malo mopangidwa ndi inki zinayi zija. Panopa kasitomala aliyense wokhazikika ali ndi foda yake, ndipo mufodamo chinthu choyamba ndi chizindikiro chake ndi kafayilo ka ASE. Ntchito yaikulu yomwe makina athu sangathe ndikaitumiza ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kafayiloko kamapita nayo limodzi, kuti wa kumeneko akafuna kukonza penapake asayambe kusakaniza mtundu wakewake.

Komabe ASE ili ndi malire omwe ndiyenera kuwanena mosabisa. Sinyamula mitundu yosakanikirana pang'onopang'ono yotchedwa gradient, sinyamula zojambula zobwerezabwereza zotchedwa ma pattern, ndiponso sinyamula ma tint, omwe ndi mtundu womwewo wochepetsedwa mphamvu, monga wobiriwira wa 40 peresenti womwe ndimakonda kuika kumbuyo kwa matebulo a pa kalendala. Zimenezi zimafunika kupangidwanso pamanja. Njira yomwe ndinapeza ndi yakuti Load Swatches imathanso kutenga mitundu kuchokera m'fayilo ina ya InDesign, ndipo pamenepo ma tint ndi ma gradient amabwera nawo, choncho kwa makasitomala a ntchito zobwerezabwereza ndimasunga template, yomwe ndi fayilo yokonzeratu yoyambirapo ntchito yatsopano. Ku Photoshop mitundu imalowa bwino, koma kumeneko swatch ndi pongotapa penti basi, ndipo zomwe mwapaka kale sizisintha mukasintha swatch.

Vuto lina ndi la mayina. Mukabweretsa swatch ya dzina lofanana ndi yomwe ilipo kale koma manambala ake ndi osiyana, InDesign imangowonjezera nambala 2 kumapeto kwa dzinalo, pomwe Illustrator imafunsa ngati mukufuna kuziphatikiza kapena kuzisunga zonse. Mukamafulumira, monga momwe zimakhalira ndi pulogalamu ya maliro yomwe abale akuidikira pakhomo kuti anyamuke ulendo wa ku Rumphi, simuona kuti tsopano muli ndi obiriwira awiri. InDesign payokha imatchula mtundu ndi manambala ake, monga C=75 M=5 Y=100 K=0, ndipo ngakhale dzina lotere limanena zoona, silikuuzani kuti mtunduwo ndi wa ndani. Ine ndimayamba ndi dzina la kasitomala, kenaka ntchito ya mtunduwo, kenaka CMYK kapena RGB, kuti ngakhale mnyamata yemwe amandithandiza asasokoneze wa pa pepala ndi wa pa Facebook. Ndichenjezenso za swatch yotchedwa Registration, yomwe imaoneka yakuda ngati Black koma imathira inki zonse zinayi mokwana 100 iliyonse. Kuno ku Mzuzu, komwe mvula imakhalitsa ndipo chinyezi chimachedwetsa kuuma kwa inki, pepala lothiridwa inki yochuluka chotero limadetsa linzake likasanjikidwa.

Njira yatsopano yomwe Adobe imalimbikitsa ndi Creative Cloud Libraries, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo mitundu ndi zithunzi, yomwe inayamba mu 2014. Mtundu mukauika mmenemo umaoneka m'mapulogalamu onse komanso pa kompyuta iliyonse yomwe mwalowa ndi akaunti yanu, ndipo mungathe kuitana mnzanu kuti muzigwiritsa ntchito library imodzi. Pamene ndinkakonza kabuku ndi mnzanga wina wa ku Lilongwe, njirayi inatithandiza ndithu, chifukwa mtundu womwe ndinawonjezera mmawa iye anaupeza masana popanda kutumizirana kanthu. Koma ndinakhumudwa nditazindikira kuti mitundu ya mu library siikhala yolumikizana ndi ntchito zomwe zinachitika kale. Chithunzi chingathe kulumikizidwa kuti chikasintha mu library chisinthenso m'fayilo, koma mtundu umangokopedwa, kotero kasitomala akasintha wobiriwira wake mumayenera kutsegula fayilo iliyonse payokha. Kuwonjezera apo, zonsezi zimadalira intaneti kuti zifike kwa mnzanu, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito kapena bandulo ikatha, simukhala ndi chitsimikizo choti zomwe mwasintha zapita.

Pamwamba pa zonsezi pali nkhani ya ndalama. Kuyambira mu 2013 Adobe inasiya kutulutsa mapulogalamuwa m'njira yogula kamodzi, ndipo Creative Suite 6 ya mu 2012 inali yomaliza ya mtundu umenewo. Tsopano munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo aliyense wochita malonda m'Malawi muno akudziwa momwe kupeza madola kumavutira. Mitundu ya makasitomala anu ikakhala mu library mokha, ndiye kuti mwaiika m'nyumba ya lendi. N'chifukwa chake ngakhale ndigwiritse ntchito library, ndimatulutsanso ASE n'kuisunga pa kompyuta ndi pa flashi, ndipo manambalawo ndimawalembanso m'kope lomwe limakhala m'dirowa.

Nkhani ya Pantone inandionetsa kuti mantha amenewa ali ndi maziko. Pantone ndi kampani ya ku America yomwe imapatsa inki zapadera manambala odziwika padziko lonse, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a mitundu yake ankabwera mkati mwa mapulogalamu a Adobe. Kuyambira mu 2022 mabuku ambiri anachotsedwamo, ndipo wofuna mitunduyo amayenera kulipiranso padera kudzera mu Pantone Connect. Kwa ife izi sizinatipweteke kwambiri pa ntchito za tsiku ndi tsiku, chifukwa makina a digito omwe ambiri tili nawo amasindikiza ndi inki zinayi basi. Koma mabungwe akunja omwe amagwira ntchito m'chigawo cha kumpoto amabwera ndi malamulo a mitundu yawo olembedwa m'manambala a Pantone, ndipo pamenepo ndimawapempha kuti andipatsenso manambala a CMYK, omwe kawirikawiri amakhala m'chikalata chomwecho. Ngati chizindikiro chawo chabwera ndi inki yapadera, ndimalowa mu Ink Manager n'kusankha All Spots to Process ndisanatulutse PDF, kuti makina asasankhe okha momwe angautembenuzire.

Ndinayesanso mapulogalamu aulere kuti ndione ngati angalowe m'malo. Inkscape ndi GIMP amagwiritsa ntchito fayilo ya GPL, yomwe ndi mawu wamba oti mungathe kutsegula ndi kusintha mu Notepad, ndipo kuphweka kumeneku ndinakukonda, koma imasunga manambala a RGB okha, choncho pa zosindikiza siikwanira. Scribus imadziwa CMYK ndi inki zapadera, ndipo kwa wophunzira wa ku Mzuzu University kapena mlembi wa mpingo yemwe akukonza kalata ya mwezi ndi mwezi ndi poyambira pabwino. Mashopu ambiri m'tauni muno amadalira CorelDRAW, yomwe ili ndi njira yakeyake yosungira mitundu, ndipo ndikamagwira ntchito ndi iwowa ndimangowalembera manambala anayi aja pa pepala kuti awalowetse okha.

Kwa munthu yemwe ali kale ndi InDesign ndi Illustrator, ndinganene kuti Swatches pamodzi ndi ASE ndi zida zodalirika zomwe zimabweza nthawi yomwe mwathera poziphunzira, pomwe library ndi yothandiza kwa okhawo ogwira ntchito awiriawiri ali kutali. Dziwani kuti swatch imasunga manambala, koma maonekedwe enieni amatengeranso pepala ndi makina, moti wobiriwira yemweyo amawala pa pepala lonyezimira n'kuzilala pa pepala wamba la malisiti. Alimi a njuchi aja nditawakonzera mitundu yawo, ndinasindikiza timabokosi tisanu ndi kamodzi ta wobiriwira pa pepala lomata lomwe amagwiritsa ntchito, ndipo tinatuluka nalo panja kukaliona pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'shopu limasintha maonekedwe. Anakambirana kwa kanthawi m'Chitumbuka ndi m'Chitonga, kenaka wapampando analoza kabokosi kachinayi nasaina pambali pake. Pepala limenelo lili m'foda yawo pamodzi ndi flashi, ndipo timapepala ta mabotolo a chaka chino tasindikizidwa ndi manambala omwewo.