Autodesk Fusion kwa mmisiri wozolowera SolidWorks

Mmisiri amene manja ake anazolowera SolidWorks, pulogalamu yojambulira ziwalo za makina pa kompyuta yomwe inatuluka mu 1995, ya kampani ya Dassault Systèmes, amayamba wavutika ndithu akasamukira ku Fusion, pulogalamu ina yotere imene kampani ya Autodesk inatulutsa mu 2013. Kujambula sikeci ndi kuikweza kuti ikhale chinthu chogwirika n'kofanana m'mapulogalamu awiriwa. Vuto limabuka pophatikiza ziwalo. SolidWorks imalumikiza ziwalo ndi ma mate (malamulo onena mmene chiwalo chikhudzanirane ndi chinzake), nthawi zambiri atatu pa chiwalo chimodzi, pamene Fusion imafuna joint imodzi yonena mmene chiwalocho chiziyendera, kaya kuzungulira kapena kutsetsereka, ndipo munthu akaiwala kupanga component (chiwalo choima pachokha) asanayambe kujambula, timeline yake (mndandanda wa masitepe amene wachita) imasokonekera moti kukonza pambuyo pake kumadya nthawi.

Komabe, kwa ife amene timasema zitsulo m'mawekishopu a ku Makata ndi ku Chirimba, phindu lenileni lili m'gawo la Manufacture, lokonzera mmene makina oyendetsedwa ndi kompyuta adzasemere chinthucho. Mukajambula, tinene, nyumba ya beringi ya chigayo, simutuluka m'pulogalamuyi kuti mukonze njira ya mpeni: mumasankha mpeni, mumaika liwiro, kenako njira yosemera yotchedwa adaptive clearing imadya chitsulo pang'onopang'ono popanda kupanikiza mpeniwo m'makona, zomwe n'zofunika kuno kumene mpeni wa kabaidi ukathyoka timadikira wochokera ku Johannesburg. Kasitomala akasintha kukula kwa bowo, njirayo imangofuna kuwerengedwanso. Ma post processor, amene amasandutsa njira ya mpeni kukhala G-code (malamulo amene makina amawerenga), alipo kale a makina a Fanuc ndi Haas, ngakhale kuti munthu wanzeru amayamba wayendetsa G-code m'mwamba chitsulo chisanakhudzidwe.

Zodandaulitsa zilipo ziwiri. Fusion imasunga mafayilo pa intaneti, ndipo ngakhale imatha kugwira ntchito kwa kanthawi popanda netiweki, wekishopu yodalira bandulo ya pa foni iyenera kuganiza kawiri. Chachiwiri ndi malipiro, omwe ndi a mwezi kapena chaka ndiponso a ndalama zakunja, zomwe n'zovuta kupeza masiku ano. Laisensi yaulere ya munthu payekha si ya bizinesi, ndipo imachotsa mwayi woti makina azisintha okha mipeni, koma ophunzira, monga a ku yunivesite ya MUBAS, angathe kupempha laisensi ya maphunziro osalipira.

Amene ali ndi zojambula zambiri zakale adziwe kuti mafayilo a SolidWorks amatseguka mu Fusion opanda mbiri ya mmene anamangidwira, choncho ine ndingawalangize kusiya zakalezo kumene zili n'kuyambira Fusion pa ntchito zatsopano zosema zitsulo (milling).