Chaka, Ogboju Ode kapena Nthondo: muyambe ndi buku liti?

Mukafunsa Msotho wokonda kuwerenga kuti atchule buku limodzi loimira chiyankhulo chake, kawirikawiri anena Chaka, lolemba Thomas Mofolo. Kwa Ayoruba a ku Nigeria, dzina lotuluka msanga ndi la D.O. Fagunwa ndi buku lake lija, Ogboju Ode Ninu Igbo Irunmale. Kwathu kuno, odziwa mbiri ya mabuku a Chichewa amayambira pa Nthondo, lolemba Samuel Josia Ntara. Mabuku atatuwa ndi a msinkhu umodzi: Chaka linatuluka mu 1925, Nthondo mu 1933, Ogboju Ode mu 1938, ndipo olemba onse anaphunzira m'manja mwa amishoni. Koma kakomedwe kake n'kosiyana kwambiri, choncho amene ndalama zake zikukwanira buku limodzi ndi bwino adziwiretu chimene akukagula.

Kwa ine, Chaka ndiye patali. Mofolo ankagwira ntchito kumalo osindikizira mabuku a mishoni ku Morija, ku Lesotho, ndipo nkhaniyi anailemba cha m'ma 1910, koma inakhala m'kabati zaka zoposa khumi isanasindikizidwe. Mukaiwerenga mumvetsa chimene amishoni anazengerezera. Chaka, mwana wa mfumu Senzangakhona ndi Nandi, akukula monyozeka, anzake kubusa akumumenya, abale ake akumufunira imfa. Atathawa kwawo akukumana ndi sing'anga Isanusi, amene akumulonjeza ufumu woposa wa bambo ake, koma mankhwala ake ndi ofuna magazi. Pamene pamandilemera kwambiri ndi pomwe Chaka akupha Noliwa, mkazi amene ankamukonda ndi mtima wonse, kuti mankhwalawo akhwime. Isanusi samukakamiza ayi. Amangomuuza mtengo wake n'kumusiya kuti asankhe yekha, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka: mumamumvera chisoni mnyamata uja mpaka mutadzidzimuka kuti mukumvera chisoni chilombo. Pomaliza aphanso mayi ake, kenako iye aphedwa ndi abale ake, Dingana ndi Mhlangana.

Chodabwitsa n'chakuti buku lonyadira nalo Asotho likukamba za mfumu ya Azulu, amene nkhondo za m'nthawi yake zinabalalitsa mitundu yambiri. Mphepo yomweyo ndiyo inakankha Angoni a Zwangendaba mpaka kuwoloka Zambezi mu 1835, ndiye kwa Mngoni wa ku Mzimba kapena ku Chipata nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Musalitenge ngati buku la mbiri, chifukwa Mofolo anawonjezeramo zake zambiri. M'Chingerezi lilipo lomasulira F.H. Dutton la 1931 ndi la Daniel Kunene la 1981. Mukapeza onse awiri, tengani la Kunene.

Ogboju Ode ndi nyama ina. Muno mulibe kutsata moyo wa munthu mmodzi mpaka kugwa kwake, muli nthano zolumikizana. Mlenje wokalamba, Akara-ogun, wobadwa kwa bambo mlenje ndi mayi mfiti, akufotokozera mlembi za maulendo ake m'nkhalango yodzaza mizimu ndi zilombo. Akulimbana ndi Agbako wa maso 16, akugwidwa, akupulumuka, akubwereranso ngati sanaonepo zoopsa, mpaka mfumu ikumutuma ndi alenje anzake kuphiri la Langbodo kukatenga nzeru. Amene anakulira pa "padangokhala" ndi "tilitonse" sasochera m'bukuli. Vuto ndi lakuti mphamvu ya Fagunwa ili m'kamvekedwe ka Chiyoruba, m'miyambi ndi m'kubwereza mawu kokhala ngati kuimba, ndipo zoterezi sizichedwa kutayika pomasulira. Wole Soyinka, wolemba mabuku wa ku Nigeria, anayesetsa kulimasulira mu 1968, m'buku lotchedwa Forest of a Thousand Daemons, koma Chingerezi chake n'cholimba, chofuna dikishonale pambali. Komanso Fagunwa anali mphunzitsi, ndipo uphunzitsiwo sabisa: nkhani ikafika pokoma amaima kaye kuti akulangizeni. Ena zimawatopetsa. Ine ndimamukhululukira chifukwa zilombo zake n'zosaiwalika.

Nanga lathuli? Ntara anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Nthondo linapambana pampikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Nkhani yake ndi ya moyo wa munthu kuchokera kubadwa mpaka kufa: mwana wosamva, mnyamata wovuta, munthu wodzakhala mfumu ya mudzi, pomaliza wotembenuka mtima n'kulowa Chikhristu. Tinene zoona, pa atatuwa ndi muno momwe dzanja la mishoni likuonekera kwambiri, moti mathero mumawaona akadali kutali. Pa kugwira mtima silingapikisane ndi Chaka, ndipo pa zodabwitsa silifika kwa Fagunwa. Chomwe lili nacho ndi mudzi wa Achewa monga unalili kalelo, miyambo yake ndi kaweruzidwe ka milandu, zolembedwa ndi mwini mudzi osati mlendo wodutsa. Kuwonjezera apo, ndi lokhalo lomwe ife tingaliwerenge mopanda mkhalapakati, m'mawu enieni amene wolemba anasankha yekha, ngakhale kalembedwe kake ndi kakale.

Ndiye ngati mukufuna nkhani yoti ikusowetseni tulo, yambani ndi Chaka. Ogboju Ode ndi loyenera amene Chingerezi cholimba sichimuopsa, ndipo limakoma kwambiri mukamawerenga mokweza muli awiri kapena atatu. Nthondo si buku loti mungolowa m'sitolo n'kulipeza, choncho funsani kumalaibulale akuluakulu kapena kwa aphunzitsi akale a Chichewa, ndipo mukalipeza la Chinyanja chake chenicheni, lisiyeni kaye la Chingerezilo.